Mlandu Sunali Wako, Tamanda

Ana anga, Tamanda ndi Yamikani, mwandiumiriza kwa nthawi yaitali kuti ndilembe za ntchito yanga mutu usanayambe kutaya zinthu. Za sukulu ya unamwino ndi za mmene ndinakumanirana ndi bambo anu ndalemba kale. Mutu uno ndi wa zaka za ku Mangalande kuno, koma ndinene pachiyambi pomwe kuti ndaulemba ndi cholinga china. Iwe Tamanda, kwa zaka ziwiri tsopano wakhala ukudziimba mlandu kuti unasankha inshuwalansi yolakwika, n'kuchititsa kuti bambo ako avutike miyezi yambiri akudikira opaleshoni. Si zoona. Tinakunamiza, ndipo bodzalo ndinalipeka ndine. Kuti umvetse mmene nesi wa zaka zonsezi anafikira ponamiza mwana wake, undilole ndiyambire kutali pang'ono.

Sheffield, chaka changa choyamba

Ndinafika ku Sheffield m'nyengo yozizira, ndekha, iwe Tamanda nditakusiya ndi bambo ako kumudzi uli ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ananditumiza ku wodi ya okalamba. Kwathu ndinali nditagwira kale zaka khumi pachipatala cha paboma, kumene magolovesi tinkachita kugawana ndipo mankhwala ankatha mwezi usanafike pakati. Ndiye nditaona kabati yodzaza mpaka kukamwa ndinati basi, kuno ntchito ndi kungoyendayenda ndi kumwetulira. Ndinadzinamiza. Kuno chimene chinkasowa ndi manja. Kwathu wodwala aliyense ali ndi gadiyani wake womusambitsa, kumudyetsa ndi kumutembenuza. Kuno wodi yonse inkayang'ana ife anthu atatu kapena anayi, ndipo panali agogo ena amene mlungu unkatha popanda wobwera kudzawazonda. Ndikaweruka ndinkakwera chitunda cha kunyumba ndikudzifunsa kuti kodi ana a anthu amenewa ali kuti.

Wamkulu wa wodiyo anali Sisitala Maureen, mayi wamfupi wolankhula ngati akuthamangitsidwa. Dzina langa lakuti Felistas anati ndi lalitali, n'kulidula kukhala Fel, osandipempha n'komwe. Mwezi woyamba sitinkamvana. Iye ankadabwa kuti sindimuyang'ana m'maso akamandilankhula, ine ndinkadabwa kuti munthu amatchula nkhalamba ya zaka za agogo ake ndi dzina loyamba. Koma ndi iyeyo amene anandiphunzitsa chinthu chimene chinadzandivutitsa pa ukalamba. Tsiku lina ntchito inandichulukira ndipo ndinapereka mankhwala a wodwala wina mochedwa ndi ola lathunthu. Polemba pa khadi ndinalemba nthawi imene anayenera kumwa, osati imene anamwadi. Sindinaone kuti Sisitala waima kumbuyo kwanga.

Sanakalipe. Anangoti, "Fel, fufuta. Lemba nthawi yeniyeni, usainepo."

Ndinati, "Koma Sisitala, akaona aganiza kuti ndine waulesi."

"Aganize. Nesi wobwera pambuyo pako akhulupirira pepalalo, osati nkhope yako. Ukalinamiza, wanamiza iyeyo, ndipo wovutika ndi wodwala."

Ndinafufuta manyazi atandigwira, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinalembeponso chinthu chabodza pa khadi la wodwala.

Manchester, zaka za pakati

Bambo anu atabwera ndi Tamanda tinasamukira ku Manchester, kumene iwe Yamikani unabadwira. Bambo anu, a Makwinja amene kwathu anali ahedi a sukulu, anthu akuwavulira zipewa pamsewu, kuno anayamba kulongedza katundu m'makatoni, kenako n'kukhala dalaivala wa basi. Sanadandaulepo pamaso panu. Ulemu wao anausunga m'malo awiri basi: kutchalitchi, kumene anawasankha kukhala mkulu wa mpingo, ndi m'nyumba mwao pamaso pa ana ao.

Ine ndinapeza malo ku wodi ya matenda a chikhodzodzo ndi njira ya madzi, ndipo ndinakhalako mpaka kupuma. Odwala ambiri anali abambo achikulire. Dokotala wamkulu wa maopaleshoni anali munthu wosalankhulalankhula, moti ine ndi nesi mnzanga wa ku Zambia tinangomupatsa dzina lakuti Chetechete. Tsiku lina anabwera bambo wina wa dziko lina, wosadziwa bwino Chingerezi, mwana wake wamkazi akumumasulira. Chetechete akafunsa za kutaya madzi, bamboyo ankangoti zonse zili bwino, chonsecho mimba ili tolotolo, thukuta lili kamukamu. Ndinazindikira msanga chifukwa ndinakulira m'nyumba yotero. Ndinapempha mtsikanayo kuti akamwe tiyi, n'kuitanitsa womasulira wamwamuna pafoni. Chitseko chitangotsekeka, bambo uja anayamba kufotokoza zonse mpaka misozi.

Pambuyo pake Chetechete anandifunsa kuti ndinadziwa bwanji. Ndinati, "Adokotala, kwathu bambo sangatchule za kumusi pamaso pa mwana wake wamkazi. Angalole kufa." Anagwedeza mutu, ndipo kuyambira pamenepo wodwala wotero akabwera ankangondiyang'ana, ine n'kutulutsa ana. Anesi atsopano ndinkawaphunzitsa zimenezi monyadira ndithu.

Kumeneko chosowa chinali mabedi. Ntchito imene ndinkadana nayo kuposa zonse inali yoimbira foni munthu amene wadikira miyezi, wasala kale kudya, chikwama walongedza, n'kumuuza kuti opaleshoni yake yasunthidwa chifukwa bedi lake mwalowa wodwala mwakayakaya. Ena ankatukwana, ndipo ndinkawamvetsa. Amene ankandipweteka mtima ndi aja ongoti zikomo. Lachisanu lililonse Chetechete ankakagwira ku chipatala cholipira, kumene a inshuwalansi ankaonedwa mwamsanga. Ine ndinkazinyoza zipatala zimenezo. Ndinkati ndi mahotela okhala ndi mathemometa, ndipo ndinalumbira kuti ine ndi banja langa tidzaima pamzere pamodzi ndi anthu ena onse. Pakamwa m'posavuta kulumbira munthu uli ndi mphamvu.

Chaka chimene ndinapuma

Phwando lotsanzikana litangodutsa, inu awiri munabwera ndi nkhani ya inshuwalansi. Munati mwakula mukundimva ndikudandaula za mizere ya kuchipatala, ndiye simukufuna makolo anu adzaimepo. Munati muzilipira ndinu mwezi ndi mwezi. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinangoti chabwino, chifukwa mwana akakupatsa chinthu ndi manja awiri sumubweza.

Iwe Tamanda, monga mwa khalidwe lako, sunabwere chimanjamanja. Unabwera ndi mapepala a mapulani atatu, utawalemba mizere yamitundumitundu, n'kuwayala patebulo. Pulani yoyamba inali yotchipa, koma kampani ndi imene inkakusankhira dokotala ndi chipatala, iwe n'kungopita kumene wakulozera. Yachiwiri inali ndi mndandanda wa zipatala za kumpoto kuno, ndipo unkasankha wekha dokotala, bola akhale wa pa mndandanda wao. Yachitatu inali yodula kwambiri, yolola pafupifupi chipatala chilichonse m'dziko muno. Zitatu zonsezo zinali ndi malamulo awiri ofanana. Loyamba, usanaonane ndi dokotala wamkulu aliyense uyambe waimbira kampani kuti ikupatse chilolezo, apo ayi bilu ndi yako. Lachiwiri, matenda amene unali nawo kale usanalowe, iwo salipira.

Yamikani anangoloza yachitatu. "Just get the best one," anatero, akuyang'ana foni yake. Iye Chichewa amamva koma poyankha amabwerera kwao.

Iwe unati, "Best bwanji? Ukufuna adadi azikagona ku London? Akawazonda ndani kumeneko? Tikulipirira zipatala zimene sadzapondako."

Ine mafunso anga anali achimudzi, moti munandiseka. Sindinafunse za zipinda kapena za zakudya. Ndinatenga mndandanda wa pulani yachiwiri n'kuyamba kufunsa chipatala chimodzichimodzi: kodi thiramu, kasitima kaja ka m'misewu ya m'tauni, imafika? Kodi amayi a kutchalitchi angabwere asanu nthawi imodzi osathamangitsidwa? Kodi ine angandilole kukhala pambali pa bedi tsiku lonse? Tinapeza ziwiri zimene zinali pa njira ya thiramu, ndipo chimodzi mwa izo chinali chija Chetechete ankagwirako Lachisanu. Ndinati pulani yachiwiriyi ndi imeneyo. Uzikumbukira zimenezi, Tamanda. Iwe unatsutsana ndi mlongo wako, koma amene anadula nkhani ndine. Bambo anu anangoti, "Zimene agwirizana anesi ndi zomwezo," n'kubwerera ku nyuzipepala yao.

Panatsala chinthu chimodzi. Kampaniyo inali ndi njira ziwiri zolowera. Ina sinkafunsa kalikonse poyamba, koma ukadwala ndi pamene inkayamba kufufuza mbiri yako. Ina inkafuna udzaze fomu ya matenda ako onse pachiyambi, kuti akuuziretu chimene adzalipira ndi chimene sadzalipira. Ndinasankha ya fomu. Ndinati ndi bwino kudziwiratu pamene waima.

Lamlungu la fomu

Fomu yanga ndinadzaza ndekha. Ya bambo anu inatsala chifukwa ankangoti mawa, mawa, mpaka tsiku lomaliza linayandikira. Mlungu umenewo kunagwa maliro ku Newcastle, a mwamuna wa mnzanga amene tinaphunzira limodzi unamwino, ndipo ndinapita kukakhala naye masiku anayi. Ndili pasiteshoni unandiimbira, Tamanda, n'kunena kuti, "Mami, musadandaule za fomu ya adadi, ndibwera Sunday tikaweruka kutchalitchi tidzadzaze." Ndinati zikomo mwanawe, Mulungu akudalitse. Ndinadula foni n'kukwera sitima, mtima uli kumaliro.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Ndinkadziwa kuti chaka cham'mbuyo bambo anu anayamba kuvutika kutaya madzi. Ndine ndinawakokera kwa dokotala wathu wa m'dera, amene anati kachiwalo kena kamene amuna ali nako pansi pa chikhodzodzo katupa, monga zimachitikira amuna ambiri akamakula, n'kuwapatsa mapiritsi. Mapiritsiwo ankawabisa m'thumba la jekete ya suti yakale kuti inu musawaone mukabwera. Ndinkadziwanso mafunso amene amakhala pa mafomu otere. Ine amene ndinatha zaka ndikutulutsa ana aakazi a eni m'chipinda, ndinasiya mwana wanga wamkazi kuti akafunse bambo ake. Sizinandidutse n'komwe m'mutu. Kuntchito maso ndinali nawo, koma m'nyumba mwanga ndinangoona mwana wabwino akuthandiza kholo lake.

Nditabwerako ndinafunsa ngati fomu yapita. Munati yapita. Sindinapemphe kuiona.

Chaka chotsatira, m'dzinja

M'mawa wina bambo anu analephereratu kutaya madzi. Ndinawapeza atagwira sinki, nkhope itasintha. Kuchipatala cha boma anawathandiza msanga, anawaika chubu ndi kathumba komangirira pamwendo, n'kunena kuti mapiritsi alephera, pakufunika opaleshoni. Sinali khansa, tinathokoza Mulungu. Koma chifukwa sinali khansa, mzere wake unali uja wautali umene ndinkaudziwa bwino.

Pobwerera ndinawalimbitsa mtima. Ndinati ana anaganiza bwino, tiimbira kampani, Chetechete ali pa mndandanda, mwezi uno usanathe zikhala zitatheka. Tisanaimbe ndinatulutsa mapepala onse kuti ndikhale ndi nambala pafupi, ndipo m'menemo munali kope ya fomu ija. Ndinaiwerenga nditaimirira. Pa funso la vuto la chikhodzodzo kapena kutaya madzi panali pakuti ayi. Pa funso la mankhwala amene akumwa panalembedwa a kuthamanga kwa magazi okha. Ndinakhala pansi.

"Bambo a Tamanda, ichi n'chiyani?"

Anayang'ana pepalalo, kenako khoma. "Mwanayo anafunsa. Ndinayankha."

"Mwayankha kuti ayi, mapiritsi ali m'jekete?"

"Mumafuna nditani? Mwana wanga wamkazi, amene ndinamunyamula pa dzanja ili, wakhala apo ndi kompyuta, akundifunsa mmene ndimatayira madzi. Akundiyang'ana kumaso. Ndinati ayi amayi, ndili bwinobwino. Inu mukanakhala ine mukanati chiyani?"

Mkwiyo umene ndinali nawo unabwerera kwa ine mwini.

Patapita nthawi anati, motsitsa mawu, "Ingowauzani kuti zayamba mwezi uno. Simunali nesi inu? Mukudziwa kalankhulidwe kake."

Ana anga, musaganize kuti mayi anu anadzuka pomwepo ngati mngelo. Ndinagwira njakata masiku awiri. Ndinkadziwadi kalankhulidwe kake. Ndinkadziwanso kuti kampani ikhoza kuitanitsa mbiri yao kwa dokotala wa m'dera n'kupeza zonse, koma mwinanso osaitanitsa, ndipo mtima wina unkati yesa, anthu amadutsa. Ndikawaona akuyenda pang'onopang'ono ndi kathumba kaja, munthu amene malaya ake sankaoneka ndi khwinya, ndinkati bodza limodzi lingaphe ndani. Koma ndikagwira foni ndinkaibwezanso pansi. Ndikananama, Chetechete akanalandira kalata yonena kuti vutoli ndi la mwezi umodzi, ine nditakhala pompo ndikudziwa kuti ndi la zaka ziwiri. Ndiponso fomuyo inatumizidwa ndi iwe, Tamanda. Zikanaululika, dzina lako likanakhala m'kati mwa chinyengo chimene sunachidziwe n'komwe.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinawauza kuti ndiimba ndipo ndinena zoona. Anati, "Chitani zimene mwaganiza." Anatsimikizira mayi wa kukampaniyo kuti akundilola kuwalankhulira, n'kundipatsa foni, n'kutuluka panja. Mayiyo atafunsa kuti vutoli linayamba liti, ndinanena. Ndinanenanso kuti fomu inalakwika ndipo ndikufuna ikonzedwe. Anali waulemu. Patapita masiku kunabwera kalata yonena kuti inshuwalansi ipitirira pa matenda ena onse, koma chilichonse chokhudza vuto limeneli salipira, chifukwa linalipo kale. Kunena chilungamo, ngakhale fomu ikanadzazidwa molondola yankho likanakhala lomweli. Kusiyana kwake n'kwakuti tikanadziwiratu, ndipo inu simukanakhala ndi chiyembekezo chimene tinayenera kuchifotokozera.

Bambo anu anakhala masiku atatu osandilankhula. Chakudya ankadya, pemphero ankapemphera, koma ine ndinali ngati mpando. Tsiku lachinayi anati, "Nanga ana tiwauza chiyani? Mukawauza zoona, mwandivula pamaso pao."

Munkadziwa kuti akufunika opaleshoni, imene tinaitcha yaing'ono ya m'mimba, ndipo munkayembekeza kumva tsiku. Ndinali nditawakaniza kale chinthu chimodzi mwamuna wanga, ndipo ndinalibe mphamvu yowakaniza chachiwiri. Ndiye ndinafufuza m'mutu chifukwa chimene mungakhulupirire, ndipo ndinachipeza m'malamulo omwe aja tinawerengera limodzi patebulo. Ndinakuimbirani n'kunena kuti mndandanda wasintha, dokotala uja sakupezekanso pa pulani yathu, ndipo zipatala zochita opaleshoni imeneyi zatsala pa pulani yodula ija yokha. Ndinaona ngati ndi bodza lopanda mwini, loti mlandu ugwera kampani imene ilibe nkhope. Sindinaganize kuti pali munthu amene anaima patebulo paja n'kukana pulani yodulayo.

Iwe Tamanda unati, "Ndiye kuti tikanatenga ija ananena Yami, bwenzi adadi atathandizidwa?"

Ndinati, "Zachitika basi mwanawe, palibe akanadziwa." Sindinati ayi. Mpaka lero mawu amenewo amandiluma.

Miyezi yodikira

Anadikira miyezi isanu ndi itatu. Kawiri chubu chinabweretsa matenda, thupi n'kutentha mpaka kugonekedwa. Tsiku la opaleshoni linasunthidwa kamodzi, ndipo amene anaimba foni anali mtsikana amene ndinamuphunzitsa ntchito ndine. Ndinamumva akuvutika kupeza mawu, ndipo ndinangoti zikomo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Bambo anu anasiya kuima kutsogolo kutchalitchi poopa kuti kathumba kaoneka m'buluku, n'kumakhala mpando wakumbuyo pafupi ndi chitseko.

Iwe Tamanda unayesa zonse. Unaimbira kampani kuti ukakangane nawo, iwo n'kukuuza kuti sangakambe za wodwala popanda chilolezo chake, ndipo bambo ako anakana kupereka chilolezocho. Unati ulipira wekha opaleshoniyo, iwo anakalipa kuti sanabereke ana kuti adzawasautse. Ndiye unayamba kubwera Loweruka lililonse, n'kumakolopa pokolopa kale, kutsuka mbale zotsuka kale, osakhala pansi. Ndinkakuona ndili pakhomo la khitchini, ndikufuna kukuuza zoona. Ndikatsegula pakamwa ndinkakumana ndi maso a bambo ako, n'kufunsa ngati ukufuna tiyi.

Tsiku limene anagonekedwa kachiwiri, inu awiri munakangana pakhonde la chipatala. Munkaganiza kuti sindikumva. Yamikani ananena m'Chingerezi chake kuti iwe Tamanda wapulumutsa timakobidi pa moyo wa adadi. Yamikani, mwana wanga, mawu amenewo unawanena chifukwa cha mantha ndi chifukwa cha bodza langa, ndiye sindikukuimba mlandu. Koma ndaona kuti kuyambira tsiku limenelo inu awiri mumalankhulana ngati anthu ogwira ntchito ofesi imodzi.

Opaleshoni inachitika mu wodi yanga yakale, ndipo inayenda bwino. Bambo anu anachira, anabwerera kutsogolo kutchalitchi, anayambanso kudandaula za mchere m'ndiwo. Ine ndinadziuza kuti nkhani yatha, nthawi ichiza zotsalazo.

Chaka chino

Sinathe. Mwezi wathawu tinakhala pansi kukonza za chinkhoswe cha Yamikani. Tinkasankha holo, ndipo ndinakufunsa kuti iwe Tamanda ukuona bwanji pakati pa ziwiri zija. Iwe amene unkabwera ndi mapepala a mizere yamitundumitundu, amene sunkalola ngakhale ketulo kugulidwa usanayerekeze mitengo, unangoseka pang'ono n'kunena kuti, "Musandifunse ine, Mami. Ine ndimasankha zolakwika." Anthu anaseka, nkhani n'kupitirira. Ine ndinapita kubafa kukalira.

Ndi pamene ndinayamba kulemba mutu uno. Nditamaliza sindikanautumiza mwakabisira, chifukwa chinsinsichi si changa ndekha. Dzulo masana ndinawapeza bambo anu pakadimba kathu kakumbuyo akuzula udzu m'chibwabwa chao chimene chimakana kukula m'dziko lozizira lino. Ndinati ndili ndi choti ndiwawerengere, ndipo akakana ndiching'amba. Anakhala pa benchi, ine n'kuwerenga kuyambira pamwamba mpaka pa mawu ako a tsiku la holo lija. Sanandidule ngakhale kamodzi. Nditafika pamenepo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi malaya.

"Ananenadi choncho mwanayo?"

"Munalipo, bambo."

"Ndinamva. Ndinayesa ngati sindinamve."

Ndinayamba kupinda mapepala, ndikuganiza kuti basi, akana. Kenako anati, "Pamene mwalemba kuti kachiwalo kena, mwazungulira. Lembani dzina lake. Yamikani ndi mwamuna, tsiku lina adokotala adzamufunsa ngati bambo ake anadwalapo, asadzayankhe kuti ayi." Ndiye ndikulemba monga andiuzira. Yamikani, bambo ako anatupa pulositeti, ndipo zinayamba ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu. Ukadzafunsidwa, udzanene.

Ndinawafunsa ngati pali choti ndilembere Tamanda. Anati ayi, ndiwapatse cholembera. Anatenga tsamba lomaliza, analiika pabondo, n'kulemba ndi dzanja lao lija la uhedi, pang'onopang'ono. Tsambalo ndalimata m'munsimu momwe lilili, koma poti inki yafalikira malo ena, ndakoperanso mawu ake.

"Tamanda mwana wanga, unasankha bwino ndipo unafunsa bwino. Amene anayankha molakwa ndine, chifukwa ndinachita nawe manyazi. Miyezi ija ndinadzipatsa ndekha, koma zaka ziwiri izi ndakusenzetsa iwe. Undikhululukire. Loweruka ubwere, koma usadzakolope. Udzakhale pansi."